Kwa mlembi watsopano wa mpingo: kakonzedwe ka Lamulungu ndi milaga

Lamulungu lina mu Juni, kukuzizira monga mudziwira kuno ku Dedza, tinali mu vestry akulu ampingo asanu ndi anayi, manja ali m'matumba a majekete. Belu lachiwiri linali litalira kale. M'tchalitchi kwaya ya achinyamata inali pa nyimbo yachitatu poona kuti sitikutuluka. Abusa anali atapita kukadyetsa mgonero kunthambi ina, ndipo bambo oyenera kulalikira tsikulo sanaoneke. Tinatuma mwana pa njinga. Anabwera ndi uthenga woti bambowo anachoka Lachisanu kupita ku Lizulu kukaona mdzukulu wodwala, ndipo zoti alalikira lero mayi akunyumba sanamvepo. Dzina lawo ndinalemba ndine. Ndinawerenga mndandanda wa olalikira pa seshoni, msonkhano wa abusa ndi akulu ampingo, n'kuyesa kuti ndamaliza, chonsecho tsiku la seshoniyo iwo kunalibe.

"Akulu, tipulumutseni," tinatero kwa mkulu wina wachikulire. Anavomera, nakalalikira Salimo 23, uthenga womwewo umene anali atalalikira pamaliro Lachinayi, pomwe theka la mpingo linali pamalirowo.

Ndinakhala pa ulembi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zimene ndilembe apazi ndi zomwe ndikadakonda wina akadandiuza tsiku limene anandipatsa makiyi a kabati ndi chidindo cha mpingo. Ndikulemba monga wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma. Abale a mbali zina za Ntcheu amene muli pansi pa Sinodi ya Blantyre, pamene ine ndikuti Chigwirizano, gulu la amayi a mumpingo, inu muziti Mvano.

Yambani mvula isanagwe

Gulani kope lalikulu lachikuto cholimba. Timapepala toduladula timathera m'thumba la malaya n'kuchapidwa nato. Kumayambiriro kwa Novembala pemphani abusa tsiku limodzi loti mukhale pansi pamodzi ndi msungichuma ndi atsogoleri a magulu onse. Mukadikira Disembala simupeza munthu, aliyense ali kumunda kubzala ndi kuthira feteleza.

Pa tsikulo lembani kaye zimene simungathe kuzisuntha. Khrisimasi ndiyodziwika. Pasaka amasuntha chaka ndi chaka, pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, choncho onani pa kalendala, osangoganiza. Lembaninso masabata amene Sinodi ndi Presbiterio aika padera, tsiku la mapemphero a amayi pa dziko lonse limene limakhala Lachisanu loyamba la Malichi, ndi masiku amene abusa azungulire nthambi kukabatiza ndi kudyetsa mgonero. Masiku a abusawa ndiwo msana wa kope lonse, chifukwa Lamulungu lililonse limene iwo ali kwina, guwa latsala m'manja mwa akulu ampingo. Sizachilendo zimenezi. Chiyambire pomwe mishoni ya Mlanda inatsegulidwa mu 1902 ndi ya Mphunzi mu 1903, mipingo ya kuno yakhala ya mbusa mmodzi ndi nyumba zopemphereramo zambiri, ndipo amene amaiyendetsa sabata ndi sabata ndi anthu a m'midzi momwemo.

Mukatero bweretsani kalendala ina imene siipachikidwa pakhoma, ya kumunda. Pepa Sande, Lamulungu losonkhetsa ndalama za mpingo, musaiike mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, anthu akudya kamodzi. Masika aikeni anthu atakolola, kuyambira Meyi mpaka Julayi, ndipo kumadera a kachewere funsani alimi eni ake mwezi umene amakumba ndi kugulitsa. Chitsitsimutso chimakoma kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, njira zitauma ndiponso chisanu chitachepa. Ife tinayesapo mapemphero ochezera usiku mu Julayi. Pofika pakati pa usiku tinatsala ochepa, tonse titaunjikana pa mbaula, okalamba akutsokomola sabata yonse yotsatira. Masiku a msika wa kwanu muwadziwenso, osaikapo msonkhano wa gulu lililonse.

Mndandanda wa olalikira

Musalembe wa chaka chonse. Anthu amadwala, amasamuka, ena amaimitsidwa ndi seshoni. Miyezi itatu yakwana. Jambulani mizere patsamba: tsiku, wotsogolera mapemphero, wolalikira, wogwirizira wake, owerenga mawu, makwaya oimba, ndi mlaga (kagulu ka mabanja a mpingo oyandikana) wosesa ndi kukolopa. Mzere wa wogwirizirawo ndi umene ine ndinalibe tsiku lija la Salimo 23. Wogwirizira azikonzeka ngati kuti alalikira ndiye. Akapanda kufunika, uthenga wakewo sutayika, akaugwiritsa ntchito kumlaga.

Munthu aliyense wolembedwa auzidwe katatu. Koyamba pa seshoni. Kachiwiri pomupatsa kapepala m'manja, kolembedwa tsiku lake ndi malo ake. Kachitatu Lachitatu la sabata yomweyo, pa foni kapena pomutumira munthu. Kuika mndandanda pa gulu la WhatsApp n'kwabwino, koma akulu ampingo ambiri a kumudzi ali ndi mafoni a mabatani, ndipo ena amene ali ndi WhatsApp amatsegula pokhapokha akagula bandulo. Mayunitsi a Lachitatuwo muwapemphe pa seshoni alowe m'bajeti, apo ayi muzidyera m'thumba mwanu mpaka mayi akunyumba adzafunse.

Pa foni ya Lachitatuyo funsani zinthu ziwiri: "Kodi mulipo?" ndi "Tiwerenga pati?" Mawuwo muwalembe m'kope ndipo muwatumize kwa owerenga ndi kwa atsogoleri a makwaya. Owerenga akonzekere kunyumba, chifukwa Buku Lopatulika lili ndi Chinyanja cha 1922 ndipo mayina a m'Chipangano Chakale amapunthwitsa ngakhale aphunzitsi. Kulemba mawuwo kuli ndi phindu linanso. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzaona nokha kuti mwana wolowerera wabwera kanayi, Yona katatu, koma kalata ya kwa Aroma sinatsegulidweko. Zimenezo mukawaonetse abusa, iwo ndiwo angagawe mitu. Mlozo, kabuku ka mawu a tsiku ndi tsiku, umathandiza kwambiri amene asowa poyambira, ndi Katekisma yemwe, amene ambiri tinamutseka tsiku lomwe tinatuluka m'kalasi.

Pali nkhani imene alembi ambiri amaiopa. Si mkulu wa mpingo aliyense ali ndi mphatso yolalikira. Alipo ena odziwa kuyendera odwala, odziwa kuyanjanitsa mabanja, oti pamaliro akangofika mitima imakhala pansi, koma akakwera paguwa mpingo umayamba kusinza. Kuwachotsa pa mndandanda n'kuputa mlandu, ndiponso si ntchito yanu nokha. Ife tinkatero: oterowo tinkawaika kawirikawiri pa kutsogolera mapemphero ndi pa pemphero lalikulu, ndipo pa kulalikira tinkawayambitsa kunthambi zazing'ono ali ndi mnzawo. Mpingo ukakhala ndi kangachepe, kutumiza awiri kapena atatu ku maphunziro a atsogoleri ku Chongoni, ku Namoni Katengeza, si kutaya ndalama. Nyengo ya dzinja yang'ananinso mitsinje. Munthu wa kutsidya kwa Linthipe musamulembe tsidya lino mu Januwale ngati pakati palibe mlatho.

Lamulungu lenilenilo

Dongosolo la mapemphero musapeke lanu. Lilipo kale m'buku la Malongosoledwe, ndipo Malamulo Khumi, Chikhulupiriro cha Atumwi, kuwerenga mawu, ulaliki, chopereka ndi mdalitso zili ndi malo ake. Wotsogolera aliyense alionenso Loweruka ngakhale akuti analiloweza. Chimene chili m'manja mwa mlembi ndi nthawi, ndipo mbava za nthawi m'tchalitchi zilipo ziwiri: zolengeza ndi makwaya.

Zolengeza ndi zanu, ndiye yambani ndi inu mwini. Lamulo likhale loti chilichonse chofuna kulengezedwa chifike cholembedwa belu loyamba lisanalire. Kapepala kobwera mutaimirira kale kutsogolo, kakudutsa m'manja mwa anthu kuchokera kumbuyo, kalandireni n'kukaika m'thumba, pokhapokha ngati ndi uthenga wa zovuta. Sabata ziwiri zoyamba anthu adzadandaula, yachitatu adzazolowera. Kalata iliyonse muiwerenge nokha kaye mu vestry. Ine ndinatsegulapo envulopu pamaso pa mpingo n'kuyamba kuwerenga mokweza, ndipo ndili pa mzere wachitatu ndinazindikira kuti inali kalata ya seshoni yokha, yonena za banja lina limene linali pa benchi yachiwiri. Ndinatsokomola n'kuipinda, koma madzi anali atatayika kale.

Sanjani zolengezazo motere: maliro ndi odwala poyamba, kenako maukwati, makalata ochokera ku Sinodi ndi ku Presbiterio, obwera ndi makalata osamukira, misonkhano ya magulu, ndipo za ndalama pomaliza. Mayina a amene apereka simenti kapena malata, mmodzimmodzi ndi ndalama zake, apachikeni pa bolodi panja. Kuwerenga mayina makumi asanu kumadya nthawi ya ulaliki, komanso kumachititsa manyazi mayi wamasiye amene wapereka zochepa. Kwathu tinapangana kuti zolengeza zisapitirire mphindi 15. Alendo okha musawathamangitse. Mlendo ndi mame, aimirire, anene kumene achokera, ndipo mtumiki mmodzi akhale ndi ntchito yowapatsa moni potuluka ndi kufunsa ngati akhalitsa, kuti adziwe mlaga wowalozera.

Tsopano makwaya. Mpingo wathu unali nawo asanu, ndipo iliyonse inkafuna kuimba Lamulungu lililonse, nyimbo ziwiriziwiri, kuonjezapo yolowera ndi yotulukira povina. Mukawerengetsa mupeza kuti ola lathunthu lapita. Wolalikira amakwera paguwa dzuwa lili pamutu, ana akulira, amayi akuganiza za ndiwo. Tinachita kukhala pansi ndi atsogoleri a makwaya onse, abusa ali pomwepo, n'kugwirizana kuti pa Lamulungu wamba aziimba makwaya atatu mosinthana, nyimbo imodzi imodzi, ndipo onse asanu aziimba pa masika, pa Pasaka ndi pa Khrisimasi. Musalengeze zotere mwa inu nokha. Achinyamata akaona ngati mwawalanda guwa lawo, amasamukira kumene kuli zoimbira zaphokoso.

Chimene ine chimandiwawa n'chakuti makwaya akachuluka mpingo umasanduka oonerera. Nyimbo za m'buku la Nyimbo za Mulungu ndi zimene gogo wosadziwa kuwerenga amaimba nawo ndi mtima wonse, ndipo ndi zomwe zimatigwira pasiwa usiku kulibe kiyibodi. Zisachepere zitatu. Manambala ake alembedwe ndi choko pa bolodi anthu asanalowe, ndipo woyambitsa akhale munthu wodziwika, wosayambira kumwamba koti pofika pa kolasi abambo onse angoti chete. Kwaya yoimbira pa kiyibodi kapena pa memory card iuzidwe kuti ikhale ndi nyimbo ina yapakamwa, chifukwa magetsi sapangana ndi munthu.

Chopereka chiwerengedwe ndi atumiki osachepera atatu, chilembedwe ndi kusayinidwa asanatuluke m'chipindamo. Inu musachigwire.

Milaga

Apa ndikhalitsapo, chifukwa zambiri zimene zimaoneka Lamulungu zimaphikidwa kumlaga. Mpingo wa anthu mazana angapo sungadziwe kuti mayi wina sanaoneke masabata atatu. Mlaga umadziwa, ndipo umadziwanso chifukwa chake.

Choyamba onani kukula kwake. Mlaga woti anthu sakwana pabwalo la nyumba imodzi, kapena woti wina ayende ola lathunthu kuti akafike, wakula, ugawidwe. Mabanja khumi kapena khumi ndi asanu ndi okwanira. Kugawa kumavuta chifukwa anthu amazolowerana, ndiye tsatani malire amene alipo kale, monga mtsinje, msewu kapena mudzi, kuti pasaoneke ngati mwasankha nkhope. Mlaga uliwonse ukhale ndi mkulu wa mpingo, mtumiki, ndi mlembi wake amene ali ndi kakope ka mayina.

Tsiku asankhe okha, koma likasankhidwa lisamasinthesinthe. Kwathu ambiri anakonda Lachitatu cha m'ma 3 koloko masana, anthu ataweruka kumunda koma kusanade. Pa boma, pamene ambiri ali pantchito ndi pa geni, amakumana madzulo. Azizungulira nyumba ndi nyumba, ndipo mndandanda wa nyumbazo ulembedwe wa miyezi itatu ngati wa olalikira uja.

Mukanene poyera kuti kumlaga sikudyedwa. Zimayamba bwinobwino: banja lina lochita bwino laphika tiyi ndi mandasi, lotsatira laphika thobwa ndi mbatata, lachitatu lapha nkhuku. Ikafika nthawi ya banja losauka mumangomva kuti "sabata ino tachokapo, pitani kwa ena." Mlaga wina kwathu unatsala ndi nyumba zinayi zokha zolandira, mpaka mayi wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti, "Akulu ampingo, ine mphasa ndili nayo, koma shuga ndilibe. Kodi mapemphero safika kwa opanda shuga?" Kuyambira pamenepo tinati mphasa ndi madzi akumwa basi.

Msonkhano wake usapitirire ola limodzi ndi theka. Nyimbo ya m'buku, pemphero, kuwerenga mawu, kenako kukambirana. Ndikuti kukambirana, osati ulaliki wachiwiri. Njira yosavuta ndi kutenga mawu omwe analalikidwa Lamulungu n'kufunsa mafunso awiri kapena atatu: tinamvapo chiyani, chinativuta n'chiyani, tichitapo chiyani m'mudzi muno. Poyamba anthu amangoyang'ana pansi. Wotsogolera apirire, asadziyankhe yekha. Apatseko wachinyamata kuwerenga, mayi kupemphera, bambo amene salankhulalankhula kutseka. Olalikira a mawa mudzawapeza pamenepa. Mnyamata wina amene tinkangomudziwa ngati wakabaza tinamumva koyamba akufotokoza fanizo la wofesa mbewu pakhonde la nyumba ya mayi ake, ndipo patapita zaka anasankhidwa kukhala mtumiki.

Asanabalalike afunsane za odwala, ofedwa, ndi amene sakuoneka, ndipo atchule mayina a anthu awiri amene apite kukawaona sabata yomweyo. "Tidzapita tonse" ndiye kuti sipapita munthu. Ntchito zamanja zimamanga mlaga kuposa mawu: kukafolera nyumba ya gogo mu Okutobala mvula isanabwere, kukapalira m'munda mwa wodwala mu Januwale, kutunga madzi ndi kutola nkhuni pamaliro.

Zinthu ziwiri zimapha mlaga. China ndi kuusandutsa malo otolera ndalama. Seshoni ikazolowera kugawira milaga chandamale cha simenti, cha galimoto, cha alendo, mwezi ndi mwezi, anthu amayamba kuthawa Lachitatu ngati akuthawa wangongole. Za ndalama zikambidwe kamodzi pa mwezi, kumapeto, mwachidule. China ndi kuusandutsa bwalo la milandu. Nkhani ya banja kapena ya mowa mkulu wa mpingo akaikambe ndi mwini wake paokha, ndipo ikakula ipite ku seshoni monga Zolamulira, buku la malamulo a Sinodi, zinenera. Isakambidwe pamphasa ana ali pomwepo.

Inu monga mlembi pemphani kuti mkulu aliyense abweretse ku seshoni mizere isanu yokha: akumana kangati, kunabwera angati, odwala ndani, obwera ndi osamuka ndani, ofuna ubatizo kapena kalasi ndani. Mlaga umene wakhala miyezi iwiri osabweretsa kanthu, pitaniko nokha Lachitatu lina osanena.

Chigwirizano ndi magulu ena

Amayi a Chigwirizano musawaphunzitse dongosolo. Gulu lawo linayamba mu 1940 ndipo m'mipingo yambiri ndi lomwe limasunga nthawi ndi mabuku kuposa seshoni imene. Chofunika kwa inu ndi kutenga kalendala yawo msanga kudzera kwa amayi abusa, wapampando wawo ndi mkhalapakati (mkulu wa mpingo wowalumikiza ndi seshoni), n'kuilowetsa m'kope lanu, kuti tsiku limene avala zoyera ndi zakuda kupita kukacheza kuchipatala lisagundane ndi tsiku limene mwawalemba kuphikira alendo a Presbiterio. Ndipo musamangowakumbuka pakafunika ophika.

Abambo amavuta kusonkhana pa mapemphero okha, koma mukati pali kuumba njerwa za nyumba ya abusa kapena kukonza chimbudzi amabwera, ndiye yambani ndi ntchito, mawu abwere pa nthawi yopuma. Achinyamata apatseni Lamulungu lawo pa miyezi itatu iliyonse, atsogolere okha, mkulu mmodzi atakhala nawo pokonzekera. Zochitika zawo zikuluzikulu ziikidwe pa holide, osati nyengo ya mayeso. Aphunzitsi a Sande sukulu ndi a kalasi alembedwenso pa mndandanda ndi owagwirizira, chifukwa mphunzitsi akajomba ana sakadandaula kwa aliyense, amangokasewera mpira kuseri kwa tchalitchi.

Mgonero ndi maliro

Mgonero ulengezedwe masabata awiri usanafike. Seshoni ikhale isanafike sabata ya mgoneroyo, kuti nkhani za obwerera ndi za oimitsidwa zithe, makadi akhale okonzeka, ndipo pasakhale kukangana pakhomo la tchalitchi m'mawa wa tsikulo. Atumiki aone mkate, vinyo, zikho ndi nsalu za pagome Lachisanu, osati Loweruka usiku magolosale atatseka. Milaga ipereke mayina a okalamba ndi odwala amene sangathe kufika, kuti abusa akonze zowafikira kunyumba.

Maliro ndiwo sapangana ndi kope. Uthenga ukafika, imbirani kaye abusa ndi mkulu wa mlaga umene mwagwa zovutazo, ndipo nthawi ya mwambo mugwirizane ndi eni mbumba ndi amfumu musanalengeze chilichonse. Akagwa Lamulungu, wogwirizira uja ndiye wapeza ntchito: mmodzi atsale paguwa, wina apite kumaliro. Tsiku lotero fupikitsani zonse, kwaya imodzi yokha, zolengeza zofunikira zokha, kuti anthu akafike kusiwa adzukulu asanayambe kutumiza mithenga yoti kumanda atha kalekale.

Loweruka madzulo dutsani pa tchalitchi. Onani ngati mlaga wosesa unabwera, ngati makiyi ali kwa woyenera, ngati batire la zokuzira mawu latchajidwa, ngati choko chilipo. Lamulungu fikani belu loyamba lisanalire, kuti pemphero la mu vestry lisakhale lothamanga. Lolemba, zinthu zisanaiwalike, lembani m'kope mawu amene analalikidwa, amene analalikira, nthawi imene munalowa ndi imene munatuluka. Mukatero tsegulani tsamba lotsatira muone amene muwaimbire Lachitatu.